Kodi Mpira Useweredwa Loweruka?

Pamene tidali anyamata a Sitandade 5, m'chaka cha 1979, amalume athu adali ndi wailesi ya mabatire anayi imene ankaisunga m'thumba la nsalu pamwamba pa kabati. Loweruka lililonse, kutangoda, ankaitsitsa naiika pampando pakhonde, ndipo ife ana tinkakhala pansi mozungulira kumvera zotsatira za mpira wa ku England ndi ku Scotland pa BBC. Chingerezi chathu chidali cha m'kalasi chabe, koma maina a matimu ndi manambala tinkawagwira. Tsono m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chaka chimenecho tidayamba kumva zachilendo. Wowerenga uja akatchula matimu awiri, m'malo monena zigoli ankangotchula liwu limodzi, napitirira. Liwu lomwelo kawiri, katatu, mpaka kakhumi usiku umodzi. Titafunsa, amalume adati, "Akuti sadasewere. Kwawo kwagwa chipale."

Tidaseka kwambiri. Ife tinkamenya chikulunga m'fumbi la Okutobala ndi m'matope a Januwale, miyendo ili pamtunda, minga ikutibaya. Nanga anthu okhala ndi jombo ndi masokosi ofika m'maondo angathawe bwanji mphepo? Mlandu tidaugamula usiku womwewo, kuti anthu amenewa ngamantha. Chigamulo chimenechi tidakhala nacho zaka 43, kufikira tsiku limene tidaima pabwalo louma ndi chisanu, kiyi ali m'manja mwathu.

Mwana wathu wamkazi woyamba ndi namwino, ndipo amakhala ndi banja lake m'tauni ina yaing'ono pafupi ndi Glasgow, ku Scotland. Chakumapeto kwa chaka cha 2022 adachira mwana wachiwiri. Mayi a kunyumba adatsogola kukamsamalira ali m'chikuta, ndipo ife, titapempha tchuthi kwa akulu a sukulu ndi kutsazika akulu a mpingo anzathu, tidawatsatira kumayambiriro kwa Disembala. Masiku athu adali owerengeka, pakuti tidayenera kubwerera kwathu Khirisimasi isanafike.

Tiulule kuti mtima wathu sudali pa khanda lokha. Mwana woyamba wa m'banjamo, mnyamata wa zaka 12, adabadwira m'nyumba mwathu, ndipo adaphunzira kuyenda atagwira chala chathu. Adachoka ali ndi zaka zinayi, ndipo zaka zisanu ndi zitatu zotsatira tinkangomuonera pa lamya. Chichewa chake chidatsala cha moni ndi cha patebulo. Tsiku limene tidafika adatipatsa moni ndi manja awiri monga adamphunzitsira mayi wake, kenaka nakhala potero, kutiyang'ana monga mwana ayang'anira mlendo wa makolo ake. Ife amene takhala zaka zoposa 30 tikuyankhula ndi ana a eni m'kalasi tidasowa poyambira ndi mwana wa magazi athu.

Chimene chidatsegula pakamwa pake ndi mpira. Ataona kuti tikudziwa maina a matimu a dziko lake, adathamangira kuchipinda kukatenga yunifolomu ya timu ya ana imene amasewerako, natilongosolera kuti iye amatchinga kumbuyo chakumanzere. Pamapeto pake adasanja mawu ake a Chichewa mmodzimmodzi, nati, "Agogo, mubwere mudzandione Loweruka." Tidawerenga pa kalendala. Tidali ndi masiku a Loweruka atatu: pa 3, pa 10 ndi pa 17 Disembala.

Pa 3 Disembala kunja kudali kozizira koma kwabwino, udzu uli wofewa. Tsikulo Amalawi anzathu okhala m'deralo adapangana zodzaona khanda, ndipo tidaganiza kuti sikukhala ulemu kuti alendo afike napeza agogo a mwana apita kumpira. Choncho tidamuuza mnyamatayo kuti, "Pita iwe, mdzukulu wathu, ife tidzabwera Loweruka linalo. Mpira suthawa." Iye sadatsutse. Adanyamula chikwama chake napita ndi bambo wake, ife n'kutsala tikumwa tiyi ndi kukamba za mitengo ya feteleza. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma tsikulo mwambiwu sudatifike m'mutu.

Pakati pa sabata yotsatira mphepo idatembenuka, niyamba kuchokera kumpoto. M'mawa tinkapeza magalasi a galimoto atachita khungu loyera, mkamwini wathu akupala ndi kachitsulo asanapite kuntchito. Usiku malole ankayenda m'misewu akumwaza mchere, pakuti madzi amchere sachedwa kusungunuka ndipo saundana msanga. Pa 13 Disembala wailesi idalengeza kuti ku Braemar, mudzi wa kumapiri a dzikolo, kuzizira kudafika madigiri 17 kunsi kwa ziro. Masewero a pa 10 Disembala adali atalephereka kale. Uthenga udabwera pa lamya Lachisanu madzulo, wa mawu ochepa. Tidatsala ndi Loweruka limodzi.

Apa tiime pang'ono kuti tifotokozere awerengi amene sadaonepo zinthu zimenezi, pakuti nafenso tinkazisokoneza. Chipale chofewa ndi chisanu si chinthu chimodzi. Chipale chimagwa kuchokera kumwamba, chopepuka ngati thonje lopunthidwa, ndipo chimaunjikana pansi. Chisanu sichigwa, ndi madzi a m'nthaka ndi a pa udzu amene amaundana kuzizira kukafika pa ziro. Abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu amachidziwa, chifukwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi chimawatenthera tomato ndi mbatata m'madimba. Koma chathuchi ndi chamanyazi: dzuwa likangokwera chimathawa. Ku Glasgow m'mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa, nililowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo ngakhale masana limakhala chapansipansi monga lathu likhalira ana akamapita kusukulu. Limawala koma silitentha. Malo amene ali mumthunzi wa nyumba kapena wa mitengo salawa dzuwa tsiku lonse, choncho chisanu cha usiku wa lero chimapeza cha dzulo chikadalipo, ndipo chimaloweralowera pansi mpaka nthaka isanduka mwala.

Chodabwitsa nchakuti mwa ziwirizi, chimene anthu a mpira amachiopa kwambiri si chipale. Chipale amatha kuchikokola ndi mafosholo, kusesa mizere ya bwalo kuti ioneke, ndi kutenga mpira wa mtundu wa lalanje kapena wachikasu m'malo mwa woyera. Pa 22 Malichi 2013 timu ya United States idasewera ndi Costa Rica ku Colorado chipale chikugwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, anthu akulowa ndi mafosholo kukonza mizere masewero ali mkati, ndipo eni bwalo adapambana 1–0 ndi chigoli cha Clint Dempsey. A Costa Rica adakadandaula ku FIFA, koma dandaulo lawo silidamveke. Ndiponso chipale chikagwa pa nthaka yofewa chimaifunditsa ngati bulangete. Choopsa ndi nthaka youma ndi chisanu. Zisonga za kunsi kwa jombo sizilowa, wosewera amathamanga ngati akuyenda pa simenti yothira mafuta, ndipo mapazi a masewero apitawo, amene adaponda matope nasiya timizere, amauma nakhala akuthwa ngati mapale. Wogwa pamenepo sadzuka akuseka.

Matimu olemera adapeza njira. Everton ndiyo idayamba pakati pa matimu a ligi ya ku England, m'chaka cha 1958, kuyala mawaya a magetsi pansi pa udzu wa bwalo lake la Goodison Park kuti nthaka izifunda. Masiku ano mabwalo akuluakulu ali ndi mapaipi a madzi otentha pansi pake. Ena amafunditsa bwalo ndi malona, ndipo makolo awo ankayala mapesi a tirigu. Komabe ngakhale bwalo litakhala lofewa, masewero amatha kulephereka chifukwa cha misewu ndi makwerero oterera kumene anthu zikwizikwi ayenera kudutsa. Nanga bwalo la ana a m'tauni yaing'ono, lopanda mapaipi, lopanda malona? Ilo limangoyang'ana kumwamba monga uchitira munda wa mlimi.

Masiku a sabata yomalizayo ndiwo adatipatsa mdzukulu wathu. Pobwera kusukulu kunja kutada kale, ankakhala pambali pathu ndi lamya ya mayi wake kuona zanyengo ya Loweruka, ndipo funso lake lidali limodzi: "Agogo, kodi tisewera?" Ife, pofuna kumchotsa nkhawa, tidamsimbira za wailesi ya amalume ndi liwu lija, ndipo tidayamba kufufuza limodzi chimene chidachitika chaka chimenecho. Tidapeza kuti m'chikho cha dziko la Scotland, masewero a Inverness Thistle ndi Falkirk, amene adayenera kuchitika pa 6 Januwale 1979, adasunthidwa ka 29. Adaseweredwa pa 22 Febuluwale, ndipo Falkirk idapambana 4–0. Mnyamatayo adaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ndiye kuti anthu a ku Inverness adadikira masabata onsewo kuti adzaone timu yawo ikugonja?" Tidati inde, ndipo kadali koyamba kuseka limodzi.

Usiku wina tidawerenga za nyengo yozizira ya 1962 mpaka 1963, imene anthu achikulire a kumeneko amaikumbukirabe. Chipale chidayamba kugwa tsiku lotsatana ndi Khirisimasi, ndipo dziko silidasungunuke mpaka mwezi wa Malichi. Gawo lachitatu la chikho cha FA Cup lidayenera kuseweredwa pa 5 Januwale 1963. Mwa masewero 32 adachitika atatu okha. Gawo limene limatha tsiku limodzi lidatenga masiku 66, nilitha pa 11 Malichi, masewero atasunthidwa ka 261. A Lincoln City ndi Coventry City okha adasunthidwa ka 15. Ku Blackpool adayesa kuwamba bwalo ndi zida zolavula moto, koma madzi osungunukawo ankaundananso. A Halifax Town adangogonja, nasandutsa bwalo lawo malo otsetserekapo, anthu n'kumalipira pakhomo. Eni makampani a juga ya mpira, poona kuti ndalama zaleka kulowa, adasonkhanitsa akatswiri akale kuti azikhala m'chipinda ndi kulosera zotsatira za masewero amene sadaseweredwe nkomwe. Pamenepa tidamuuza mdzukulu wathu kuti aone yekha mmene juga ilili, kuti imakolola ngakhale pamene sipadadzalidwe kanthu. Masewero otsiriza a chikhocho adakankhidwa masabata atatu, ndipo pa 25 Meyi 1963 Manchester United idagonjetsa Leicester City 3–1 ku Wembley.

Nkhani zimenezi zidamsangalatsa, koma sizidayankhe funso lake. Lachisanu pa 16 Disembala m'mawa chipale chidagwa, ndipo tidachiona ndi maso athu chikutsika mwakachetechete, chopanda mkokomo wa mvula. Mnyamatayo adakondwa, pokumbukira kuti chipale chimafunditsa nthaka. Bambo wake adapukusa mutu, nati bulangete lafika mochedwa, wodwala atazizidwa kale sabata yathunthu. Madzulo uthenga udabwera wakuti zanyengo zikusonyeza kuti usiku kufundako pang'ono, choncho woimbira mpira adzayendera bwalo m'mawa, ndipo makolo amene angathe abwere ndi mafosholo.

Usiku umenewo tidagona mochedwa. Tidamva mnyamata akutsegula katani kawirikawiri. Mwana wathu adabwera kudzakhala nafe pabalaza khanda lili pamwendo, nati chapansipansi, "Bambo, mwanayu sadayambe wadera nkhawa masewero chotere. Ena akalephereka amangogona. Akufuna inu mumuone." Mawu amenewa adatilasa, pakuti tidadziwa kuti mwayi udalipo pa 3 Disembala, ndipo amene adautaya si chisanu.

Loweruka tidafika pabwalo kukadali mdima, magetsi a mumsewu akuyaka. Tidapeza makolo khumi ndi angapo, abambo ndi amayi, akukokola chipale. Adatibwereka fosholo, ndipo tidagwira ntchito monga tikugwirira m'munda, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Mizere idayamba kuoneka, udzu wobiriwira n'kutulukira. Ana adayamba kuponyerana mpira pambali. Mtima wathu udati zatheka.

Woimbira mpira adali mnyamata wamng'ono, msinkhu wa ana amene tidawaphunzitsa dzana. Adavala jombo zake, nathamanga pakati pa bwalo, natembenuka mwadzidzidzi. Pamenepo nthaka idamgwira bwino. Kenaka adapita ku golo la kummwera, kumene mzere wa mitengo umatchinga dzuwa tsiku lonse. Adaponya mpira pansi, ndipo udanjanja ndi phokoso louma, nufika m'chifuwa mwake. Adayesa kuthamanga, koma mapazi ake ankalira ngati nsapato pa simenti. Adaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi.

Apa ndi pamene tidachita chinthu chimene tikuchita nacho manyazi. Tidamyandikira, ndi Chingerezi chathu cha uphunzitsi, tidamuuza kuti tachokera kutali, ulendo wa ndege usiku wonse, kuti tikubwerera Lachiwiri, ndi kuti mbali yaikulu ya bwalo ili bwino. Tidaonjeza kuti kwathu ana amasewera pa nthaka youma yopanda ndi udzu womwe, ndipo amakula. Tidayankhula monga munthu wachikulire wozolowera kumveredwa. Mnyamatayo sadatiyankhe mwachipongwe ndipo sadatsutsane nafe. Adapisa m'thumba, natulutsa kiyi wa galimoto, natipatsa, nati tiyese kumubaya pansi pamene goloboyi amagwera.

Tidagwada. Tidakanikiza ndi dzanja limodzi, kenaka ndi manja awiri. Kiyi sadalowe ngakhale msinkhu wa chikhadabo. Tidapapasa ndi zala, ndipo tidamva timizere ta matope ouma, tosongoka, tobisala pansi pa udzu. Tili chigwadire pamenepo, tidakumbukira mwana wina amene takhala zaka zambiri tikuyesa kusamkumbukira.

Tidali mphunzitsi wachinyamata, woyang'anira zamasewero pasukulu ina ya kumudzi. Tidaitana sukulu ina kudzasewera nafe m'mwezi wa Febuluwale, ndipo usiku wake kudagwa chimvula chimene chidakumba timigula m'bwalo ndi kufukula miyala. M'mawa tidaziona ndi maso athu. Koma alendo adali atayenda mtunda wautali wapansi, amfumu adali atakhala kale pampando, amayi ataphika, ndipo ife tidaopa manyazi. Tidaliza wenzulo. Chigawo choyamba chisanathe, mnyamata wa Sitandade 8, waliwiro kuposa onse, adaponda m'kamgula akuthamanga, ndipo phokoso la mwendo wake lidamveka mpaka kumene kudakhala amfumu. Tidamnyamula pa ngolo kupita kuchipatala. Adajomba teremu yonse, mayeso sadakhoze, ndipo kusukulu sadabwererenso. Lero ndi bambo wa ana ake, amayenda motsimphina, ndipo tikakumana pamsika amavula chipewa natipatsa moni wa ulemu, "Aphunzitsi, mwaswera bwanji?" Sadatinenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi. Ulemu umenewo umatipweteka kuposa chitonzo.

Tidadzuka, tidabweza kiyi, ndipo tidapepesa. Pomwepo tidazindikira kuti mnyamata wamng'onoyu adali ndi chimene ife tidachisowa tsiku lija. Kuliza wenzulo kuti masewero ayambe nkosavuta, pakuti aliyense amakuombera m'manja. Chovuta ndi kuima pakati pa makolo amene akokola chipale maola awiri, ana ovala kale yunifolomu, ndi gogo wochokera kutsidya la nyanja, n'kunena kuti iyayi. Malamulo a mpira amapatsa woimbira mphamvu yoimitsa masewero ngati bwalo kapena nyengo zili zoopsa, koma lamulo silipatsa munthu mtima. Ndiponso woletsa sayamikidwa, chifukwa mwendo umene sudathyoke suoneka. Anthu amene tidawatcha amantha pakhonde la amalume adali anthu odziwa kuwerenga mtengo wa mwendo wa mwana wa mnzawo.

Woimbira adaitana aphunzitsi a matimu onse awiri, nawauza. Makolo sadakangane naye. Adanyamula mafosholo awo, ena akuseka, ena akudandaula za tulo tawo. Mdzukulu wathu adaima payekha pafupi ndi golo, manja ali m'khwapa. Titamyandikira adatembenukira kumbali kuti tisaone misozi. Tikadatha kunamizira nyengo, pakuti inali pomwepo yoyera mbee, yosatha kudziyankhira. Koma tidaona kuti mwana wa zaka 12 amadziwa kuwerenga masiku monga ife. Tidati, "Mdzukulu wathu, woimbirayu walondola. Wolakwa ndife. Udatiitana tsiku loyamba lija, kunja kuli bwino, ndipo ife tidasankha tiyi. Utikhululukire." Adatiyang'ana modabwa, ngati sadamvepo munthu wa imvi akupepesa mwana. Sadayankhe, koma pobwerera kugalimoto adatigwira mkono pamalo oterera, ndipo sadautaye mpaka tidafika.

Masana a tsikulo tidaonera limodzi pa kanema masewero a Morocco ndi Croatia olimbirana malo achitatu m'chikho cha dziko lonse ku Qatar. Morocco idali timu yoyamba ya mu Afirika kufika m'ndime ya matimu anayi otsiriza, ndipo ngakhale idagonja 2–1 tidaichemerera mpaka khanda lidadzuka. Tidamkumbutsa mnyamatayo kuti chikho chimenechi, chimene chimachitika pakati pa chaka, adachisunthira ku Novembala ndi Disembala chifukwa cha kutentha kwa dzikolo. Ngati eni chuma chonsecho adagonjera dzuwa, ife ndani kuti tilimbane ndi chisanu? Kwathu munthu akamapangana ndi mnzake amaonjeza kuti Mulungu akalola, ndipo ambiri timangonena mwa chizolowezi. Tsikulo mawuwa tidawamva kulemera kwake.

Masewero atatha tidapempha mwana wathu mapepala apulasitiki a m'khitchini, nyuzipepala yakale ndi chingwe. Tidakhala pansi pa kapeti, ndipo tidamuonetsa mdzukulu wathu mmene tinkamangira chikulunga: kukulunga nyuzipepala molimba, kuvundikira ndi mapepala limodzi pamwamba pa linzake, ndi kuluka chingwe ngati ukonde kuti chisamasuke. Choyamba chidatuluka chonga dzungu. Chachiwiri adamanga yekha, chidakhala bwino. Tidatsegula zitseko za kakhonde ka m'nyumba, mipando iwiri n'kukhala golo, ife n'kukhala goloboyi. Pamenepo tidaona zimene tidalephera kuona pabwalo: kuti amamenya ndi mwendo wamanzere, kuti amayang'ana kumene akufuna kuponya asanamenye, ndi kuti akagoletsa amaluma lilime monga ankachitira ali wamng'ono. Mayi a kunyumba adatikalipira tonse awiri chifukwa cha chithunzi chimene chidagwa pakhoma. Usiku umenewo mnyamatayo adaphunzira mawu atatu atsopano: chikulunga, chigoli, ndi chinyengo, pakuti adati agogo akusuntha mipando.

Lolemba kudagwa mvula yofunda, ndipo pofika madzulo chipale chonse chidali chitapita, udzu uli wofewa ngati sipadachitike kanthu. Lachiwiri tidakwera ndege. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Tili m'mwamba tidaganiza kuti chisanu nachonso ndi mame, koma amene achedwa kuchoka. Chidatichedwera masiku awiri okha.

Masewero aja adaseweredwa chaka chatsopano chitalowa. Mwana wathu adajambula ndi lamya natitumizira, ndipo tidaonera tili muofesi ya aphunzitsi nthawi yopuma, anzathu ataunjikana kumbuyo kwathu. Chithunzi chinkagwedezeka, ana ankaoneka ang'onoang'ono ngati nyerere, ndipo kawirikawiri wojambula ankaloza kumene kulibe mpira. Mdzukulu wathu tidamzindikira ndi mwendo wamanzere. Mpaka lero sitidamuonepo ndi maso athu akusewera pabwalo.

Inu achinyamata, tsiku lina wina adzakuletsani chinthu chimene mwachikonzekera ndi mtima wonse, ndipo mudzamuona ngati mdani. Musanamuweruze, pemphani kiyi, mugwade, muyese nokha nthaka. Ndipo inu amene mudzapatsidwa wenzulo, kusukulu, kuntchito kapena m'banja, kumbukirani kuti khamu limene likukukakamizani silidzanyamula nanu ngolo yopita kuchipatala.

Inu makolo anzathu, ife sitidalembe izi kuti tikuphunzitseni za chipale, chimene ambiri mwa inu simudzachiona. Mwana wanu akakuitanani kuti mudzamuone, kaya ndi kumpira, kaya kukwaya, kaya tsiku lotsekera sukulu, pitani Loweruka loyamba. Alendo adzakukhululukirani, ndipo tiyi adzafundisidwanso.

Chikulunga chija, atiuza, chikadali pa shelefu m'chipinda mwake, pakati pa mabuku. Masiku ano akatiimbira lamya m'miyezi yozizira, moni ukangotha, ndife timayamba kufunsa: "Nanga Loweruka musewera?" Ndipo iye amayankha m'Chichewa chimene chikunka chiwongoka, "Sitikudziwa, agogo. Tikaona m'mawa."